Mpango wa Mafunde

Aston, Birmingham
10 Malichi 2024

Okondedwa Malume Everton,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Anti Dorothy. Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira sikunamve kuti Febuluwale anatha. Kalatayi ndapatsira Mayi Janet a kutchalitchi kwathu, omwe akubwera kumudzi Lachinayi. Ndikudziwa kuti munthu amene anagwira ntchito ku positi ofesi zaka makumi atatu sakhulupirira nkhani ya pa foni, ndiye ndakagula pepala ngati mwana wasukulu.

Ndiyambe ndi zoseketsa. Masabata awiri apitawo, tsiku la mpira ku bwalo la Villa Park, msewu wathu utadzaza anthu, vani ina yokalamba inafera pakhomo panga penipeni. Pamwamba pake anamangapo matabwa atatu aatali, osalala, osongoka kutsogolo. Ine pochokera ku shifiti ndinkayesa zivindikiro za mabokosi a maliro. Munatuluka achinyamata atatu a ku Japan: Kento, Riku, ndi mtsikana dzina lake Mio, yemwe kamera siichoka paphewa pake. Matabwawo ndi okwerera mafunde. Amalowa nawo m'nyanja yamchere, funde likamabwera amaimirira pathabwapo n'kuyenda nalo mpaka litawagwetsa. Akudzipangira okha filimu ya ulendo wawo. Anayambira ku Portugal, adutsa ku France ndi ku Cornwall, tsopano akulowera ku Scotland. Palibe kampani imene yawatuma. Amagona m'vani momwemo, amadya za m'mapaketi.

Tsono Malume, mu England monse muno chigawo chathu chino ndiye chotalikirana kwambiri ndi nyanja. Vani inasankha bwino pofera. Anthu a mpira ankawalozera ngalande kuti akayesere kumeneko.

Ndinawalowetsa m'nyumba n'kuwapatsa tiyi ndi mandasi. Anavula nsapato pakhomo osauzidwa, n'kuzindandalika moyang'ana kunja. Chimene chinafa ndi kilatchi. Patson wa kutchalitchi kwathu, amene amasamalira okalamba ngati ine koma anakulira m'magalaja a ku Ndirande, ankabwera tsiku lililonse kuchokera ku Wolverhampton pa kasitima ka mumsewu kamene kuno timati tiramu. Masiku asanu ndi anayi ali chagada pansi pa vani, mvula osaleka. Ine ndinkangoima ndi ambulera kuti miyendo yake isanyowe, popeza ndi yokhayo inkatulukira kunja.

Vuto la alendo angawa ndi mphatso. Ukawapatsa mandasi, mawa akubweretsera maswiti okutidwa ngati a paukwati. Ine sindingalole mlendo andipose pakhomo panga, ndiye ndinaphika mpunga wa kilombero ndi nkhuku. Iwo anabweza tiyi wobiriwira. Ine ndinatulutsa chitenje changa cha mbalame chija kuti atchingire mawindo a vani. Tsiku lonyamuka, Kento anandifunsa kuti mkulu wa banja lathu ndani. Nditatchula inu, anatulutsa mipango iwiri yojambulidwa mafunde, wina wanga, wina wanu, n'kuipereka ndi manja awiri atawerama mpaka ndinamuona paliwombo. Wanuwo ndi uwu, pamodzi ndi chithunzi chake ndi kakalata kake. Ndi mnyamata waulemu kwambiri.

Pomaliza, nkhani imene yandivuta kulemba. Posachedwapa kubwera anthu kudzakuonani za ine. Dzina la mwini wake sindilemba apa, manyazi andigwira, koma mwamumva kale m'kalata muno. Chonde muwalandire bwino.

Mwana wanu,
Loyce

*

Balaka
2 Epulo 2024

Loyce mwana wanga,

Kalata yako inafika, ngakhale inayenda yopanda sitampa m'chikwama cha Mayi Janet pamodzi ndi mafuta odzola. Tonse tili bwino. Nyamakazi ya anti ako yachepako. Mvula inakata msanga, chimanga changoyesera.

Ndaiwerenga katatu, ndipo ndamvetsa. Dzina la a Kento lalembedwamo kawiri, ndipo ndi okhawo wawatchula kuti aulemu. Iwe unawapatsa chitenje chako, iwo anakupatsa mpango. Kwathu kuno mnyamata akapereka mpango, mtsikana n'kulandira, n'kutulutsanso kanthu kake, chimenecho ndi chikole, ndipo sitifunsanso funso lina. Atatero anafunsa mwini mbumba n'kunditumizira wanga. Pakakalata kawo alemba m'Chingerezi kuti akuthokoza chifukwa cha mwana wanga, ndipo akupempha kuti ndiziwaganizira mokoma mtima kuyambira lero mpaka m'tsogolo. Anyamata a ku Balaka kuno amakumbukira malume mimba itaoneka kale. Awa ndawakonda.

Chondidetsa nkhawa ndi ntchito yawo. Ngati funde limawagwetsa nthawi zonse monga walembera, banja adzalidyetsa bwanji? Uwafunse ngati ali ndi pepala lililonse la sukulu. Undiuzenso ngati kwawo amalola chikamwini. Malo omanga nyumba alipo kuseri kwa mango, kungoti madzi amene tili nawo ndi a pamjigo.

Tsopano imva zodabwitsa. Loweruka lapitali kunabwera bambo wina wa ku Lunzu, a Henry Matewere, atavala suti ndi tayi dzuwa lonse lija, ndi mnzawo wowaperekeza. Akuti mwana wa mlongo wawo, dzina lake Patson, waona mbeta pakhomo pano. Ndinawapatsa mpando ndi thobwa, ndinawamvetsera mpaka kumapeto, kenako ndinawauza mwaulemu kuti achedwa, mbeta ili ndi mwini wake wa ku Japan. Ndinawaonetsa mpango ndi chithunzi. Anachiyang'ana nthawi yaitali, ndipo thobwa sanamalize. Anti ako anandiponda phazi kawiri, sindikudziwa chifukwa chake. Ameneyu ayenera kuti ndi makanika uja. Umuthokoze pokonza galimoto ya mkamwini, koma umuuze kuti ntchito yake inathera pa kilatchi.

Ukapeza munthu wobwera kuno unditumizire magalasi owerengera. Awa ayamba kundinamiza.

Ine malume ako,
E. K. Chimbalanga
Mkulu wa positi wopuma ntchito

*

Aston
3 Epulo 2024

Malume,

Moni ndipereka tsiku lina. Ndakuimbirani kanayi, mwangondiuza kuti zonse mwalemba ndipo kalata ili m'njira. Sindingadikire masabata atatu, ndiye iyi ndaijambula, muiwerengere pa foni ya Anti. Ndi pepala ndithu, musakane.

Mwachita chiyani? Munthu ndinkanena uja ndi Patson. Tagwirizana chaka chathunthu. Dzulo anabwera n'kukana kulowa m'nyumba. Anaima pomwe panali vani paja, pomwe mpaka lero pali banga la oyilo.

"Amalume anga akuti ndikufunse za mkamwini wa ku Japan," anatero.

Ine ndinaseka, ndinkayesa nthabwala.

"Usaseke. Akwera minibasi ziwiri atavala suti ya paukwati wa mwana wawo. Akawaonetsa chithunzi cha munthu amene ndamukonzera kilatchi ndi manja angawa."

"Patson, zonse zinkachitika iwe uli pompano."

"Ndinali pansi pa galimoto, Loyce. Masiku naini ndinkaona matayala okha. Za pamwamba mukuzidziwa ndinu."

Anabwerera osamwa ngakhale madzi, ndipo lero foni yanga sakuyankha. A Matewere alumbira kuti ku Balaka sadzapondakonso.

Malume, mpango ngati womwewo Kento anapatsanso mayi wa pasitolo ya pakona amene ankawalola kutunga madzi. Mayiyo ali ndi zidzukulu zisanu ndi mwamuna wa ndevu mpaka pachifuwa. Nayenso afunsiridwa? Kwa anthu awa mphatso ili ngati moni, ndipo mawu a pakakalata aja Mio akuti amawanena ngakhale kwa munthu wowameta tsitsi. Kento ali ndi wake, ndi Mio yemweyo.

Inu munandilera amayi atamwalira. Ndinu munandiphunzitsa kuti mtsikana satchula dzina la mwamuna pamaso pa malume ake. Ndamvera, ndipo onani pomwe zandifikitsa. Ndikamutaya Patson chifukwa cha kansalu, sindikudziwa kuti ndidzakulemberaninso chiyani.

Loyce

*

Balaka
5 Epulo

Loyce,

Ndine anti ako. Ndang'amba pepala m'kope la kwaya amalume ako atapita kumsika. Usalire. Ine ndinadziwa kuti ndi Patson tsiku lomwe kalata yako yoyamba inafika. Mkazi saima pamvula masiku naini kufunditsa miyendo ya munthu wamba. Ndinawauza, iwo akuti ambulera si umboni, umboni ndi katundu wofika ndi dzina. Tsiku la alendo lija ndinawaponda mpaka chala chinatupa.

Kalata yako aiwerenga pa foni yanga ataigwirira patali ngati ikufuka utsi. Atamaliza anati mu tiyi mulibe shuga, pomwe ndinathira masupuni atatu. Mpango uja anauvala m'khosi kutchalitchi Lamulungu la Pasaka, ndipo anauza madikoni onse kuti ayamba kuphunzira kudya ndi timitengo. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba akuyesera ndi mapensulo awiri ndi mtedza. Ndiye uwamvetse, akwera pamwamba kwambiri. Uwaikire makwerero, sangadumphe.

Anti Dorothy

*

Balaka
8 Epulo 2024

Loyce mwana wanga,

Ndalola kuti kalatayi ijambulidwe chifukwa cha changu chokha. Chisakhale chizolowezi.

Zikuoneka kuti pachitika kusokonekera kwa adiresi. Sindikuloza munthu chala, koma pa zaka makumi atatu sindinaonepo kalata yopanda dzina ikufika kwa mwini wake.

Komabe nkhani siingathe ndi kulira. Mpango ndinaulandira, ndinakanira nawo anthu pamaso pa mboni, ndipo mpingo wonse wauona. Pa mwambo, chikole chalowa m'nyumba muno. Sindingalandire anthu ena chisanatuluke, apo ayi a Matewere adzati Chimbalanga amalonjeza mbeta imodzi makomo awiri. Chituluke motere. A Kento apeze nkhoswe wawo, munthu wakwawo, alembe kuti alibe nawe mawu. Ndikalandira pepalalo ndidzabweza mpango kwa wotumiza, kenako ndidzadziwa chochita ndi ku Lunzu.

Ngati anthuwo amira ku Scotland undiuze, tiganize zina.

Patson ameneyu, kilatchi anakonza ija inagwira? Ndikufuna kudziwa ngati ndi munthu womaliza ntchito.

Malume ako,
E. K. C.

*

Aston
29 Epulo 2024

Okondedwa Malume,

Moni wa tsiku lija ndi uyu: muli bwanji, nanga Anti? Kalata yanu ya pa 2 Epulo yafika dzana, ndipo ndachita kukhala pansi poiwerenga. Malo a kuseri kwa mango musapatse munthu.

Sanamire. Ndinalembera Mio, ndipo atamva zimene mpango wachita anatembenuza vani. Kilatchi ikugwira. Ku Scotland akuti anadikira mafunde masabata atatu, nyanja ili phee ngati madzi a m'beseni. Tsiku limene mafunde anabwera, batire la kamera linali litafa ndi kuzizira. Atafika pakhomo pano anawerama onse atatu pamsewu, osadzuka, mpaka mayi woyandikana nane anatsegula windo kufunsa ngati agwetsa kiyi.

Kumufotokozera Riku za unkhoswe kunandithera tsiku langa lopuma. Poyamba anafunsa ngati nkhoswe amavala yunifolomu. Koma atamvetsa anaigwira ntchito ndi manja awiri: anakagula tayi, anamukhazika Kento kumbuyo kwake n'kumuletsa kuyankhula. Pepala lake ndi ili. Pansi pake wadinda chidindo chofiira, chifukwa kwawo munthu amakhala ndi chidindo cha dzina lake. Ndikudziwa kuti chimenecho chikukhudzani mtima. M'Chichewa likuti:

"Ine Riku, nkhoswe wa Kento, ndikunena kuti Kento alibe mawu ndi Loyce. Mpango unali wothokoza mandasi. Kento ali ndi Mio, ndipo Mio ali pompano akundiyang'ana. Tapalamula, mutikhululukire."

Za Patson ndiye zinali zovutirapo. Masabata atatu ankakhala kumbuyo m'tchalitchi chathu cha ku Wolverhampton, n'kutuluka nyimbo yomaliza isanathe. Mio anakapempha abusa kuti dzulo tikaweruka mapemphero aonetse mu holo zimene wajambula, pothokoza munthu amene anakonza vani. Patson sakanathawa, Mayi Janet anali atakokera mpando wawo pakhomo.

Tinaona mafunde a ku Portugal, aatali ngati nyumba yosanja. Kento akugwa, Riku akugwa, kenako nyanja ya ku Scotland itagona tulo. Kenako Aston. Malume, ine sindinkadziwa kuti kamera inkandiona. Mio anaiimika pawindo la pabalaza panga masiku onse aja. Pakhoma panaoneka vani, miyendo iwiri itatulukira pansi pake, ndi ine nditapendeketsa ambulera pa miyendoyo, madzi akuyenderera m'wigi mpaka m'kolala. Tsiku loyamba, lachiwiri, lachitatu, zovala zikusintha, ambulera yomweyo. Penapake Kento akudutsa kumbuyo kwanga atanyamula thabwa, akundipatsa moni, ine osacheuka n'komwe.

Holo yonse inafa nacho chiseko. Mayi Janet anati, "Nsapato zimenezi zili ndi mwayi kuposa amuna athu."

Patson sanaseke. Magetsi atayaka anabwera pomwe ndinakhala.

"Ndinkadabwa," anatero. "Mvula ndikuimva padenga la vani, koma masokosi ouma."

"Unkaganiza kuti ndi chiyani?"

"Ndinkati mwina ndi mmene imagwera mvula ya ku Aston."

Anandiperekeza pa tiramu mpaka kunyumba, ndipo tiyi anamwa makapu awiri.

Mio akuti filimu yawo anaiyamba ngati ya mafunde, koma gawo limene anthu aliombera m'manja ndi la mzinda wopanda nyanja, ndiye salidula. Anatipempha chilolezo, tavomera. Miyendo ya mkamwini wanu idzaoneka ku Japan.

Kwatsala a Matewere. Patson wawaimbira. Iwo akuti anakanidwa pakhonde ndi munthu wamkulu, sangabwezedwe ndi foni ya mwana. Mbali imeneyo ndi yanu, Malume. Magalasi ndatumiza.

Mwana wanu,
Loyce

*

Balaka
19 Ogasiti 2024

Loyce mwana wanga,

Tili bwino, ndipo magalasi akuona bwino kuposa mwini wake. Zambiri anti ako akuuza kale pa foni, koma za pa foni sizisungika, ndiye ndilembe.

Pepala la a Riku ndaliika mu fayilo ya ziphaso. Chidindo chija chinadindidwa mowongoka, inki yosafalikira. Anthu amenewa akanakhala ndi positi ofesi ku Balaka kuno ndikanabwerera ntchito.

Mpango ndinauchapa, ndinausita, ndinaubweza pa rejisitala. Kenako mu Meyi ndinavala suti, ndinapanira tambala m'khwapa, ndinakwera minibasi ziwiri kupita ku Lunzu, kuti dzuwa limene linawotcha a Matewere lindiwotchenso ine. Anandisiya pakhonde ola lathunthu. Atatuluka anati, "Ali bwanji mkamwini wa ku Japan, mafunde akuyenda?" Ine ndinati, "Bambo, kalata ndinaipereka pakhomo polakwika, ndiye ndabwera ndekha kudzaikonza." Anaseka mpaka kutsokomola, anaitanitsa thobwa, ndipo ine langa ndinamaliza. Mu Juni anabweranso ku Balaka, ndinawalandira, ndipo anti ako sanandiponde. Chinkhoswe chili pa 21 Disembala monga munapempha.

Tsopano vuto lina. Unandichenjeza kuti anthu awa sungawapatse kanthu iwo osabweza, ine sindinamve. Lachiwiri lapitali lole yonyamula katundu wa m'kontena ya anthu a kutchalitchi kwanu inaima pakhomo, n'kutsitsa chinthu chachitali chokutidwa ndi chitenje cha mbalame. Ndi thabwa la a Kento, long'aluka pang'ono kumchira. Akuti akuthokoza powabwezera mpango. Chitenje chako chabwerera, ndiye nkhani ya chikole yatsekedwa mbali zonse ziwiri, koma thabwali nditani nalo? Balaka yense wabwera kudzaliona. Dikoni wina akuti ndi bwato la munthu wosakonda anzake. Madzi apafupi oti n'kuliyeseramo ndi a m'ngalande ya kunjanji, ndipo amenewo ndi mpaka Januwale.

Ndaliika pa njerwa pakhonde. Dzulo a Matewere anabwera kudzakambirana za tsikulo, ndiye taliyesa: limakwana ankhoswe awiri ndi mbale ya nkhuku pakati. Pamenepo ndi pomwe tidzakhale. Uwauze a Mio abwere ndi kamera ngati angathe, adzaone thabwa lawo litanyamula anthu osawagwetsa.

Koma chonde usawauze kuti ndathokoza. Anti ako anali atayamba kale kusankha mtedza woti tiwatumizire, ndachita kuwalanda lichero. Tikapitiriza adzatitumizira vani.

Pa envelopu iyi ndalemba mayina awiri m'zilembo zazikulu, lako ndi la Patson. Ndawawerenga katatu ndi magalasi atsopano. Ngati ndalakwitsanso, undiimbire foni.

Ine malume ako,
E. K. Chimbalanga